A Zgambo ndi Madzi a Dzulo

A Zgambo tinawaika m'manda mwezi wathawu, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Adzukulu anatuluka matuza pokumba, nthaka ili gwa. Anthu ankalira, ena ankayamikira nyimbo za kwaya, koma ine maso anga anali pa chinthu china. Ndinaona mwana wawo wamkulu akupereka kwa munthu wa ku ofesi kiyi amene malemuwo ankayenda naye m'khosi pa kachingwe kakuda. Ndi kiyi wa kampanda ka waya kamene kali kuseri kwa chigafa, momwe muli choyezera mvula. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi.

Inu amene simunakhalepo pa esiteti ya fodya, imani ndikuuzeni. Ife matenanti moyo wathu wa chaka chonse umakhala pa nazale, pa timbande timene timathirira ndi keni miyezi iwiri yathunthu, kutunga madzi kudambo mpaka msana kuuma. Mbande ukazula, wazula basi, sibwereranso pa bedi. Ukaiwokera pa mzere umene wanyowa pamwamba pokha, dzuwa la kuno ku Kasungu limaiwotcha masiku atatu n'kutsala kaulusi kofiira. N'chifukwa chake pa esiteti yathu pali lamulo lakalekale: munthu sazula mbande belu lisanalire, ndipo belu sililira mpaka nambala ya pa bolodi la pachigafa itafika 40. Nambalayo ndi mvula ya masiku oyandikana, ya lero kuphatikiza pa ya dzulo, ya mawa kuphatikiza pa ya lero. Woyeza ndi wolemba anali a Zgambo, zaka zonse zimene ine ndakhala pano chichokere kwathu ku Phalombe, ndi zina zambiri ndisanabwere.

Anali munthu wamtali, woonda, wa jekete imodzi yomweyo kuzizire kutenthe. Kwawo kunali cha ku Nkhamenya, ndiye Chichewa chawo chinkabwera ndi Chitumbuka m'mphepete. Ukawauza zosawakomera ankangopukusa mutu n'kuti, “Yayi, mama,” nkhani n'kuthera pomwepo.

Choyezeracho si chinthu chodabwitsa ayi. Ndi chikho chachitali cha pulasitiki, choonekera mkati, chokhala ndi mizere ndi manambala, chokolekedwa pa mtengo wozika. Koma mukanaona mmene ankachichitira! Seveni koloko m'mawa ankafika, n'kugwada kuti maso awo alingane ndi madzi, n'kuyang'ana nthawi yaitali ngati akuwerenga kalata. Kenako ankakolola chikho chija, n'kuyenda nacho pang'onopang'ono kupita pa mtengo wa mandimu umene uli chapafupi, milomo ikugwedera, akunong'ona zinthu zosamveka. Ankathira madziwo patsinde, kugwedeza chikho katatu, kuchipukuta ndi nsonga ya jekete, n'kukachibwezera. Akatero ndi pamene ankapita pa bolodi ndi choko. Ukawapatsa moni pa nthawi imeneyo ankakudutsa ngati chitsa.

Nanga ife tikanaganiza chiyani? Munthu wamkulu kugwada m'mawa uliwonse, kunong'ona, kuthira madzi pansi pa mtengo umodzi womwewo, osayankha moni. Tonse tinkadziwa, mwa kudziwa kwathuko, kuti a Zgambo amathira nsembe kwa mizimu ya kwawo. Mandimu a mtengo umenewo ankagwa n'kuwolera pansi, palibe ankatola. Ana tinkawauza kuti wodya adzatupa mimba. Inenso, ndisaname, ndinkalambalala njira imeneyo ndikasenza madzi.

Chikhalirecho munthuyo matenda ake anali amodzi okha: kuopa kuwerenga chinthu kawiri. Mawu awo a masiku onse anali akuti chimene wawerenga uchichotse pamaso pako, ukalephera uchipake chizindikiro, chifukwa maso alibe manyazi, amachilonjeranso ngati mlendo. Mbuzi zawo zikamalowa m'khola ankasuntha timiyala kuchoka m'thumba lakumanja kupita lakumanzere. Mitengo yopachikira fodya m'chigafa ankailemba choko umodziumodzi. Akazi awo, a NyaLongwe, ankadandaula kwa ife kudambo kuti ngakhale mazira a nkhuku yofungatira bambowo amawapaka makala. “Tsiku lina adzandipaka ine pachipumi,” ankatero, “kuti asaganize kuti ali ndi mitala.” Tinkaseka mpaka kutaya madzi. Ndipo zoonadi, ulendo wina tikupita ku ukwati pa lole, anaima pa chitseko n'kumagunda mwana aliyense ndi choko pamphumi pokwera. Ana anafika ku ukwati ali mbuu, amayi awo akutukwana chamumtima.

Makangano ndiye sankawasowa. Ankakangana ndi makapitawo, ndi a manijala, ngakhale ndi abusa, pa nkhani ya anthu angati anabwera ku msonkhano wa mpingo, poti owerengawo anawerenganso amene anatuluka kukataya madzi n'kulowanso. Ambiri tinkangoti ndi nkhalamba yovuta. Ine ndinali mmodzi wa olankhula kwambiri, pakamwa panga sipanayambe lero kuthamanga.

Chaka chimene tinawadziwa bwino chinali chachinayi ine ndili pano. Mwezi wa Novembala unatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Mbande zinali zitakula, zikufuna kumunda, ife manja akuyabwa. Lamulungu lina kunabwera uthenga woti mlongo wawo wa a Zgambo wamwalira ku Nkhamenya. Ponyamuka anasiya choko m'manja mwa kapitawo wathu, a Mbewe, munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, wosadziwa kunama. Anangowauza kuti aziwerenga seveni koloko n'kumaphatikiza pa bolodi. Zotaya madzi sanatchule. Kwa iwo kunali ngati kuuza munthu kuti akamadya azitsegula pakamwa.

Mvula inayamba iwo atangochoka, yowazawaza, yongonunkhiritsa fumbi. Lolemba a Mbewe anapeza madzi ali pa 8, analemba 8. Lachiwiri anapeza ali pa 13, anaphatikiza, bolodi linati 21. Lachitatu m'mawa sanawerenge poti kunali kusanagwe ina, koma masana kunawazanso, ndipo Lachinayi m'mawa anapeza ali pa 19. Anaphatikiza mosamala, kawiri konse, n'kupeza 40 ndendende. A manijala a nthawi imeneyo, bambo wa kapusi yoyera wokonda kufulumira, sanadikire. Anatenga chitsulo okha n'kumenya rimu ya thirakitala imene timaitcha belu.

Mayo ine, chisangalalo chake! Tinathamangira ku nazale ndi madengu, ena nthungululu, ena nyimbo. Nazale zathu zinali ziwiri, yakumtunda pafupi ndi nyumba, ndi yakumunsi cha kudambo, yotchingidwa ndi mpanda wa udzu wa khomo limodzi. Tinayambira yakumtunda. Mnzanga Esinati, wa kwathu komwe ku Phalombe, mabedi ake onse anali kumeneko, ndipo ankazula mwana ali kumbuyo, akuimba.

Dzuwa litakwera pang'ono tinaona kabaza akubwera ndi liwiro, a Zgambo ali pa kaliyala, jekete ikuuluka. Belu analimvera kumsewu. Sanapite kunyumba. Anaima pa bolodi, anapita pa chikho, kenako anakaima pansi pa mtengo wa mandimu. Patsinde panali pouma, masamba ogwa ali momwe anagwera. Analanda khasu kwa munthu, n'kulowa m'munda, n'kutema mzere kamodzi. Pamwamba panali pakuda, kunyowa kosapitirira chikhatho. Pansi pake panatuluka fumbi.

“Yayi! Yayi, anthu inu! Lekani kuzula!” Anabwera akukuwa, khasu lili m'manja. “Mvula imeneyi sinakwane. Ngakhale theka sinafike.”

Anthu anaima, madengu ali m'manja. Ndipo woyamba kuyankha ndinali ine, mwana wa mayi anga. Ndinati, “Agogo, kodi mvula imagwa mukakhalapo inu nokha? Walemba wina ndiye yasanduka yabodza?” Anthu anaseka. Kuseka kumeneko ndimakumvabe mpaka lero, ndipo ndikakumbukira ndimachita manyazi mpaka m'mafupa.

A manijala anafika, manja ali m'thumba. “Madala, bolodi ndi lanu lomwe. Lero mukutsutsana nalo?”

A Zgambo sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa kapitawo. “A Mbewe, madzi a Lolemba munataya?”

A Mbewe anavula chipewa. Anayankha mwaulemu, ndi mawu a munthu amene akudziwa kuti wachita bwino. “Bambo, mundikhululukire. Ine ndine wa mpingo, zothira nsembe pamtengo sindingathe. Komanso sindinafune kukuonongerani. Madzi anu onse ndakusungirani, ali momwemo, simupeza dontho losowa.”

A Zgambo anawayang'ana modabwa.

“Nsembe?”

“Zimene mumanong'ona zija, bambo.”

“Ndimanong'ona nambala! Ndimaibwereza kuti ndisaiwale ndisanafike pa bolodi!” Anatiyang'ana tonse, mmodzimmodzi, ndipo anaona pankhope pathu kuti si a Mbewe okha amene ankaganiza choncho. Kenako anatola kamtengo n'kulemba pansi. Madzi a Lolemba awerengedwa katatu, anatero, a tsiku lachiwiri kawiri. Mvula yonse imene yagwa chichokere iwo ndi imene ili m'chikhomo, 19, basi.

Koma a manijala analoza kumwamba, kumene kunali mitambo yoyera yobalalika, n'kunena kuti theka la nazale lazulidwa kale, mvula ikubwera, ntchito ipitirire. Ndani akanatsutsa? Mbande zinali kale m'madengu, zikuyamba kufota. Anthu anasenza kupita kumunda, ena anatsala kumaliza mabedi akumtunda.

Pamenepo a Zgambo anachita chinthu chimene sitinachiyembekezere. Anakatenga kampando kawo pachigafa, n'kutsetsereka kupita ku nazale yakumunsi, n'kukhala pakhomo penipeni, miyendo yawo yaitali ija itatambasuka kuchoka pa mtengo uwu kufika pa uwo. Anati wofuna kuzula kuno adumphe miyendo yawo. Kudumpha miyendo ya munthu wamkulu n'kovuta kale. Nanga ya munthu amene zaka zonsezi takhala tikunena kuti amalankhula ndi mizimu? Ngakhale anali atangotiuza kumene kuti ndi nambala chabe, mantha sachoka tsiku limodzi. Amuna a ndevu zawo anafika, anaima, anabwerera. A manijala anaopseza kuti awachotsa ntchito. Iwo anangoti, “Yayi, bwana.” Anakhala pamenepo masiku anayi, a NyaLongwe akuwabweretsera chakudya pompo, mpaka kunalibenso munthu wofuna kuzula.

Chifukwa mitambo ija inapita osabweranso. Kumwamba kunayera mbee, milungu itatu. Tinkadzuka m'mawa kukayang'ana mizere, mbande zili lende, masana zagona, tsiku lotsatira zapsa. Tinayesa kuthirira ndi makeni, koma keni ingathirire maekala? Madzi ankalowa m'fumbi muja ngati sunathire. Munda wonse unasanduka mizere yopanda kanthu, ndipo pa esiteti panagwa bata loipa. Ngakhale ana anasiya kusewera mokuwa.

Mvula yeniyeni itabwera, a Zgambo anayeza, anataya, analemba, ndipo belu linalira kachiwiri. Mbande zakumunsi tinagawana, koma sizikanakwanira tonse. Ine ndi bambo a kunyumba tinapulumuka chifukwa mabedi athu ena anali kumeneko, kuseri kwa miyendo imene ndinainyoza. Mabanja amene analibe chowokera anauzidwa kuti ntchito yawo yatha. Lole inawanyamula Khirisimasi isanafike, chimanjamanja, kubwerera kumene anathawa njala. Esinati anakhala pamwamba pa mtolo wa ziwiya, osandiyang'ana. Mwana amene anali kumbuyo uja sanaone chimanga chatsopano. Ndinamva pa foni, kwa mlamu wake.

A Mbewe anachoka okha, palibe anawathamangitsa. Amene anawanyamulira chikwama mpaka kumsewu anali a Zgambo. Anthu ankadikira kuti awanyoze, koma iwo ankati wolakwa ndi iwo eni: zaka zonsezo ankagwira ntchitoyo ngati yawoyawo, osauza munthu chifukwa chimene amatayira madzi. Atabwerako kumsewu anatiitana tonse pa mtengo uja, anathyola ndimu, anasenda ndi chala, n'kudya tikuona, nkhope itakwinyika, misozi ikutuluka. Kaya inali ya kuwawasa, kaya ya china, sindinafunse.

Kuyambira chaka chimenecho tenanti aliyense watsopano ankayenera kutaya madzi a m'chikho kamodzi ndi dzanja lake, akutchula nambala mokweza. Ine ndinapita ndekha m'mawa wina kukapepesa. Ndinagwada, ndinayamba mawu amene ndinakonza, koma sanandilole kumaliza. Anangondipatsa chikho n'kuti, “Tayani, mama.” Ndinataya. Nkhani ya pakamwa panga sanaitchulenso mpaka imfa yawo.

Ndi chaka chomwecho pamene anamanga kampanda ka waya kuzungulira choyezera, kuti mbuzi kapena mwana asachigwedeze, n'kugula loko. Apa pokha ndiye ndimawakwiyira, ngakhale ali m'manda. Anatiphunzitsa tonse kutaya, koma kiyi anali mmodzi, ndipo anali m'khosi mwawo. Matenanti nawonso ndi anthu odutsa. Amene anataya madzi ndi dzanja lawo anapita mmodzimmodzi, ena ku Mzimba, ena kwawo. A manijala anasintha kawiri. Mwa onse amene tinaona chaka chija, tatsala ine ndi bambo a kunyumba basi.

Atadwala ndinakawaona. Anali atatha, jekete ija itapachikidwa pa msomali. Sanandifunse za ana kapena za munda. Anandigwira dzanja n'kufunsa ngati kumwamba kwayamba kuda. Ndinati ayi. Anati ndi bwino, nthawi ikadalipo yoti akaonetse munthu watsopano. Sanadzukenso.

Ntchito yawo anaipereka kwa a kalaliki atsopano, bambo wa njinga yamoto amene amagona ku Boma. Si munthu woipa, amapereka moni bwinobwino. Ikagwa mvula amabwera m'mawa, amaima kunja kwa waya, amasuzumira chikho, n'kulemba nambala mu foni. Foniyo imaphatikiza yokha, iwo n'kukopera pa bolodi. Loko sanamutsegulepo.

Mvula yayamba sabata ino. Lolemba chikho chinali pa 9, ndipo munagwera inswa imodzi, ikuyandama mapiko ali tambalala. Lachitatu chinali pa 12, bolodi linati 21. Inswa ija inali momwemo. Lero Lachisanu chili pa 16, bolodi likuti 37, ndipo inswa yomwe ija ikadali momwemo, phiko limodzi litathothoka.

Ndinawadikira pa njinga yawo. Ndinati, “Bambo, madzi a Lolemba munataya?”

Anandiyang'ana modabwa. “Kutaya bwanji, mayi?”

“Mukawerenga mumayenera kutaya. Mukapanda kutero mukuwerenga omwewo kawiri, katatu. Mvula yonse yagwa sabata ino ndi 16.”

Anaseka, osati monyoza, koma mmene umasekera mwana akanena zokoma. “Mayi, musadandaule. Foni iyi inapangidwira zimenezi, imadziwa yokha.”

“Imadziwa bwanji kuti simunataye? Inalowamo m'chikhomo? Ndipatseni kiyi, ndikatsegule ndekha.”

Anati kiyi ali mu diloo ya a manijala, ndipo a manijala apita ku Lilongwe, abwera mawa m'mawa. Anawonjeza kuti anamva kale kuti nkhalamba ija inali ndi timiyambo take pa mtengo wa mandimu, koma masiku ano zinthu zinasintha. Anagunda njinga n'kupita, ine ndikulankhulabe.

Ndauza anzanga m'nyumba zonse. Ndatema mzere ndi khasu pamaso pawo, fumbi latuluka. Amangoti inde, mayi, tamva, koma maso awo ali pa bolodi, ndipo madengu atulutsa kale, ali pakhonde. Sindikuwadzudzula. Mbande zakula, manja akuyabwa, ndipo belu likalira tenanti sakhala pansi. Inenso ndinali choncho.

Masana ano ndinapita kwa a NyaLongwe kukapempha kampando kaja. Sanandifunse chifukwa, anangolowa m'nyumba n'kukatulutsa. Ndakaika pakhomo la nazale yakumunsi, ndipo ndayesa kukhalapo. Miyendo yanga ndi yaifupi, sifika pa mtengo winawo, pakutsala mpata woti munthu n'kudutsa ndi dengu osandikhudza. Ndipo ndani angaope miyendo ya mayi wa ku Phalombe wodziwika ndi pakamwa?

Pobwerera ndinadzera kuseri kwa chigafa. Udzu wa panjira imene ankayenda kuchoka pa chikho kupita pa mtengo wayamba kale kumera. Loko wachita dzimbiri. Patsinde pa mandimu, pamene pankakhala ponyowa m'mawa uliwonse wa dzinja, pali ming'alu, ndipo nyerere zamangapo. Ndinalowetsa dzanja pa waya mpaka kudzikanda, koma chikho chili patali, anachiika pakati penipeni kuti munthu asachifikire.

Kumadzulo, cha ku nkhalango ya nyama, kwaima kamtambo kamodzi. Ndi kakang'ono, ka mvula yongowaza fumbi. Kakangowaza, mawa a kalaliki adzaima pa waya ndi foni yawo n'kuwerenganso chikho chonse, ndipo pa bolodi pangotsala atatu okha kuti nambala ifike 40.